A Chellappan ndi Mawu Oti Palibe

Apongozi anga aamuna, a Chellappan, bwato anakwerapo kamodzi kokha. Anabadwira konkuno ku Melekkara, m'mphepete mwa mtsinje wa Pamba, kumene mwana wamwamuna amayamba kugwira nkhafi mkaka usanaume pamilomo. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu anawakweza pa bwato lalikulu la mudzi, lija la opalasa zana, la mchira wotukuka ngati njoka yokwiya. Asanafike n'komwe pakati pa mtsinje, anasanzira pamsana pa wansembe wa kachisi. M'mawa mwake anawatumiza kukhitchini kukapala kokonati, ndipo kukhitchiniko n'kumene anakakhalira munthu.

Tsiku la mpikisano wa mabwato, opalasa amayamba adya kaye mu holo ya kachisi. Amakhala pansi mizeremizere, aliyense tsamba la nthochi patsogolo pake. Koma chakudya cha tsiku limeneli sichipemphedwa ndi mawu wamba ayi, chimachita kuimbidwa. Wotsogolera nyimbo amaimirira n'kuimba vesi ya chimene akufuna, anzake zana n'kuvomera uku akuwomba m'manja, ndipo chinthucho chiyenera kufika pamasamba vesiyo isanathe kachitatu. Akuluakulu amati mulungu wa m'kachisi mwathu amakhala nawo pamzerepo atadzisandutsa wopalasa, sitidziwa kuti ndi uti, ndiye kumana mmodzi n'kumana mulunguyo. Ine ndawaonerera opalasa athu akudya zaka zinayi tsopano. Ngati mulungu alidi pakati pawo, ndiye kuti amageya mokweza, ndipo amanyambita msuzi mpaka pachigongono.

Mkulu wa operekera chakudya amagwira chipande chachitali cha chigoba cha kokonati. Lamulo lake ndi limodzi: tsiku limene anene kuti "palibe", atule chipandecho pansi, ntchito yake yathera pomwepo. Amene ankachigwira kale anagwa atasowa mango a mchere chaka cha chigumula chachikulu. A Chellappan anachitola, n'kuchigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi osaterereka.

Mawu amenewa ngakhale kunyumba sankatuluka pakamwa pawo. Mukawafunsa ngati ali ndi machesi ankati, "Alipo, kugolosale." Nditangofika kumene pabanja pano, tsiku lina ndinanong'oneza apongozi aakazi, a Bhavani, kuti mchere palibe. Sindinadziwe kuti bambowo ali kuseri kwa chitseko. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'kachisi.

"Mwana wanga, mchere ulipo. Uli m'nyanja. Wangochedwa kufika."

Ine manyazi, ndinathawira kuchitsime n'kukatsuka mphika wotsuka kale.

Mdani wawo anali mlamu wawo weniweni, a Neelan, mlongo wa a Bhavani, amene amatsogolera nyimbo. Ndi munthu wamfupi, mano akutsogolo anatha kalekale, koma akatsegula pakamwa akhwangwala amasamuka kutsidya. Nkhondo yawo inayamba paukwati, pamene a Neelan ananena anthu onse akumva kuti mlongo wawo wasiya abakha onse a m'mudzi n'kukatola nkhuku yoopa madzi.

Chaka chonse a Neelan ankasaka mavesi akale a zakudya zimene anthu anaiwala. Akamva kuti nkhalamba ina yadwala kwambiri, ankathamangirako ndi kope ndi pensulo, anthu n'kumati koma bamboyu ndi wachifundo. A Chellappan nawo chaka chonse ankasaka zimene a Neelan asaka. Ankatumiza akazi awo kukacheza kwa mlongo wawoyo kuti akatchere khutu. Kuseri kwa nyumba yathu anabzalako masamba ena amene ngakhale mbuzi zimayamba zafunsana zisanadye. Chaka china a Neelan anaimba uchi wa tinjuchi topanda mbola, a Chellappan n'kuutulutsa m'botolo la mankhwala a chifuwa limene anali atalimangirira m'chiuno. Chaka china anaimba duwa la nthochi lokazinga ndi mphodza. Linafika likufuka nthunzi. Zakudya zinali mitundu makumi atatu kale, koma chifukwa cha anthu awiriwa zinapitirira makumi asanu ndi limodzi.

Tsono chimene mulungu wapempha sichitayidwa. Opalasa ayenera kumaliza zonse, pakangopita ola limodzi n'kukwera bwato. Ndiye bwato la Melekkara, lokongola kuposa onse, lopakidwa mafuta a nsomba mpaka kunyezimira, maambulera a silika ali pakati, limanyamuka bwino ndithu. Likafika pamlatho opalasa amayamba kuyasamula. Midzi ina imalitcha Mphika Woyandama. Mwamuna wanga Prasannan amapalasa chakutsogolo, ndipo amati iye pothera mpikisano amafikapo anthu atayamba kale kupinda mipando.

Kenako kunabwera alendo. Anayamba ochepa, m'maboti aja okhala ndi zipinda zogona ndi makatani, akujambula mpikisano ali chigonere. Wina n'kuwauza za phwando loimba. A Unnithan, wapampando wa komiti ya mudzi, amene amavala wotchi ngakhale posamba, anaona kuti apa pali kudya kwina. Anasindikiza matikiti. Chaka chatha anakonza malo makumi asanu ndi limodzi kumbuyo kwa opalasa, a azungu ndi anthu olemera a ku Delhi, okhala ndi timabenchi poti miyendo yawo siipindika.

Chimene chinkawasowetsa mtendere a Unnithan chinali chifuwa cha apongozi anga. Operekera chakudya savala malaya, ndipo a Chellappan pamtima pawo pali ubweya ngati chikopa cha mbuzi, thukuta likudutsamo timitsinje. Chithunzi chawo chinali chitayenda kale pamafoni a anthu akunja. A Unnithan anali atapangana ndi kampani ina ya m'tauni yophika pamaukwati, ya anthu ovala zipewa zoyera ndi magolovesi. Koma chipande sichilandidwa. Mwini wake ayenera kugwa yekha.

Kutatsala masiku awiri kuti phwando lichitike, a Unnithan anabwera kwathu. Ine ndinapereka tiyi n'kuima kuseri kwa katani.

"Akulu, mwatopa," anatero a Unnithan. "Bwanji mupume ndi ulemu wanu? Tikupatsani nsalu ya golide m'mphepete, ndi chithunzi cha m'felemu."

"Chithunzi cha m'felemu n'cha akufa. Imwani tiyi."

"Alendo akudandaula za thukuta."

"Thukutalo ndi limene limakoleretsa ndiwo. Zaka zonsezi mumayesa ndi mchere?"

A Unnithan tiyi uja sanamalize.

Mawa lake a Neelan anadutsa pagombe pathu m'kabwato kawo kakang'ono, n'kufuula ali pamadzi pomwepo.

"Alamu! Nkhuku yadzuka bwanji? Ndili ndi vesi ina, mwini wake anamwalira atangomaliza kundiuza!"

"Anafa ndi fungo la m'kamwa mwako, osati matenda! Pita ukagone, bakha wopanda mano iwe!"

A Bhavani anangopitiriza kupeta mpunga. Iwo anasiya kale kumva.

Tsiku la phwando ine ntchito yanga inali ya chambiko. Ndi ntchito imene amapatsa akazi a makanda, poti imagwirika utakhala. Chambiko chathu timasungunula ndi madzi, kuikamo jinja, tsabola wamuwisi pang'ono ndi masamba onunkhira, ndipo chimabwera komalizira, kutsitsira zonse. Vesi yake ndi imene ana amayamba kuphunzira. Ndinakhala kuseri kwa holo ndi mitsuko inayi ikuluikulu, mwana wanga Ammini ali pamiyendo. M'mawa apongozi anayendera mphika uliwonse, kulawa, kununkhiza, kusisita timabotolo tawo tobisa. Kwa ine sanafike. Ndani anamvapo kuti chambiko chatha? Theka lake ndi chitsime.

Opalasa analowa ndi ng'oma, n'kukhala. Alendo analowa ndi mafoni, n'kukhala. A Neelan anatsokomola kamodzi, n'kuyamba:

"Wadza ndi njala ya mtsinje wonse,
mpatseni dzungu losambira m'kokonati!"

Manja zana anawomba, denga linanjenjemera, dzungu linafika. Kenako therere, kenako chilazi, buledi wopyapyala wothetheka wotchedwa papadamu, nthochi zokazinga. Apongozi ankayenda pakati pa mizere ngati tambala, chipande chili m'mwamba, akuloza uku ndi uku.

Zimene zinkachitika kwa alendo palibe ankaziona, koma ine pazenera langa. Pa tsamba lililonse, chakumanzere, timaikapo atchali wa mandimu ndi wina wa jinja ndi bwemba, pang'ono ngati diso la nkhuku. Munthu amangogusa ndi nsonga ya chala. Koma a Jomon, amene ankatsogolera alendowo, anali atawauza kuti chilichonse cha patsamba n'chopatulika, osasiyapo kanthu. Ndiye iwo mwaulemu wawo anayambira kumanzere. Anakokolola atchali yense n'kuponya m'kamwa. Operekera athu, poona malo opanda kanthu patsamba la mlendo, anachita chimene anaphunzitsidwa kuyambira ali ana: anawonjezera. Alendo nawo anachitanso chimene anauzidwa. Operekera n'kuwonjezeranso, akusangalala kuti koma azungu a chaka chino akudziwa kudya.

Ndinaona bambo wina, wofiira kale ngati nkhanu yophika, akusanduka ngati biringanya. Mayi wina misozi ili mbwembwembwe, koma akumwetulirabe kuti amujambule.

A Jomon anafika kuseri akuthamanga, ndowa ili m'manja.

"Chemwali, chambiko, msanga! Afa anthu, tikagona kupolisi!"

Ndinafuna kunena kuti nthawi yake siinakwane. Koma ine munthu wovala tayi ndimamuopa. Ndinadzaza ndowa. Anabweranso, ndinadzaza. Anabweranso. Moto utazima m'kamwa mwawo, alendo aja anachikonda chambiko chathu. Ena anakhuthula madzi a m'mabotolo awo n'kuthiramo, choti akamwe poonera mpikisano. Mtsuko woyamba unatha, wachiwiri unatsatira, wachitatu unayamba kuonetsa pansi.

Ndinanyamula Ammini n'kukaima pakhomo la holo. Zaka zitatu pabanjapo, ndinali ndisanayambepo ine kulankhula ndi apongozi aamuna pagulu. Anadutsa pafupi nane, mphepo yawo n'kundiwomba.

"Bambo..."

"Pambuyo, mwana wanga. Galu uyu akutsegula kope."

Zoonadi a Neelan anali atatulutsa kope lawo. Anaimba vesi ija ya malemu, yofuna njere za duwa la m'madzi zokazinga mu uchi. Opalasa anavomera mokayika, poti panalibe amene anadziwa kuti zinthu zimenezo zimadyedwa. Kamodzi. Kawiri. Apongozi anaima chilili, akukanda pamtima ngati sanamve. Kachitatu kali pakati, anawerama, n'kuvundukula dengu limene anthu tonse tinkayesa la zinyalala. Njere zija zinali momwemo, zokwanira anthu zana. Phokoso lake! Apongozi anavina ndi chipande mpaka kukafika pamphuno pa a Neelan.

"Pita ukamudzutse malemu wakoyo akuuze ina!"

Ine ndinabwerera kuseri, n'kuthira madzi mumtsuko womaliza. Ndinathiranso, mpaka chambiko chinaoneka ngati madzi otsukira mpunga. A Jomon anabwera n'kutenga chomwecho.

Nthawi ya phala lotsekemera, a Neelan anatulukira kuseriko kudzachukucha pakhosi ndi madzi otentha. Anandiona nditakhala, manja ali pamasaya. Anayandikira mtsuko woyamba n'kuugogoda ndi chala. Unalira ngati ng'oma. Anagogoda wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Ine maso pazala za kumapazi.

"Mwanayu akukula bwino," anatero, n'kumutsina Ammini patsaya.

Akubwerera ndinaona makutu awo akusuntha chakumbuyo. Ankaseka.

Phala litatha, apongozi anatembenukira pakhomo pamene ndinaima, n'kukweza chipande kuti tibweretse chambiko. Ndinapukusa mutu. Anakwezanso, akuyesa kuti sindinaone. Ndinapukusanso. Pamenepo nkhope yawo inachita ngati papadamu wagwera m'madzi. Chakumbali ndinaona a Jomon akunong'oneza a Unnithan, a Unnithan n'kuimirira, foni m'mwamba, mano onse panja.

A Neelan anaimirira. Anatsokomola. Anawayang'ana alamu awo nthawi yaitali, kenako n'kuyang'ana foni ya a Unnithan. Atatsegula pakamwa, inatuluka vesi ya madzi osamba m'manja, yotsekera phwando.

Opalasa anayang'anana, koma anavomera. Ena anayamba kupinda masamba. Foni ya a Unnithan inatsika pang'onopang'ono. Ine mtima unakhala pansi, ndinati basi tapulumuka.

"Iwe Neelan!"

Anali apongozi. Nyimbo inaduka.

"Walumpha vesi."

"Lero pakhosi sipali bwino, alamu. Chambiko chimandipatsa chifuwa."

"Chifuwa cha agogo ako. Imba."

"Khalani pansi, nkhuku inu, anthu akhuta."

"Zaka zonsezi ukundisaka ngati gwape, lero ukufuna undibereke kumbuyo? Kuti udzaime pamaliro anga uzidzauza anthu kuti ndinamuleka dala? Ine sindidyera chifundo cha bakha. Imba!"

"Alamu, muli ndi mutu koma?"

"Imba, apo ayi ndiimba ndekha, ndipo ukudziwa mmene ndimaimbira!"

A Neelan anapukuta pakamwa. Anaimba vesi ya chambiko, ya ana ija, ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo pa iwo. Opalasa anavomera ngati ali pamaliro. Kamodzi, kawiri, katatu. Apongozi anayenda n'kukaima pakati penipeni pa holo, n'kufufumitsa chifuwa chija chimene a Unnithan ankadana nacho.

"Palibe!"

Anawerama, n'kuika chipande pansi bwinobwino ngati akugoneka khanda.

Alendo anawomba m'manja. Ankayesa ndi mmene seweroli limathera chaka chilichonse. Bambo wofiira uja anabwera kudzawagwira chanza, misozi ya tsabola idakali m'maso, m'thumba mwake muli botolo lodzaza chambiko.

Masana amenewo bwato lathu linafika lomaliza, opalasa akudandaula ludzu.

Kunyumba ndinalira. Ndinakagwada pakhonde pamene apongozi anakhala, n'kunena kuti ndine ndinalakwitsa. Iwo anangondifunsa funso limodzi.

"Madzi unathira kangati?"

"Kawiri, bambo."

"Amayi akowa akadathira kanayi, opalasa n'kuyamikira. Udzaphunzira. Dzuka, mwana akudya dothi uyo."

Apongozi sanawalankhule a Neelan mwezi wathunthu. Sanakwiyire kuimba kuja ayi, anakwiyira kulumpha. A Neelan akadutsa pamadzi n'kufuula za nkhuku, iwo ankangotembenuza mpando. Kenako m'mawa wina anavala nsalu yochapa, n'kutenga ambulera, n'kuzungulira njira yaitali ya pamlatho. Anabwera dzuwa litapendeka. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lina a Bhavani anandituma kukapereka mankhwala a shuga amene bambowo anaiwala, ndipo ndinawapeza pakhonde pa a Neelan, mitu iwiri itagundana pa kope lija.

"Ayi, chitsiru iwe, chimenecho a kampani aphika, chili m'mabuku awo. Imba chimene chimasasa chikayenda pagalimoto. Imba chimene chimada mumphika wachitsulo."

"Nanga masamba a kuseri kwanu aja?"

"Ndazula onse. Lemba."

"Osandilamula pakhonde panga, alamu."

"Lemba, zilembo zakozo ngati mapazi a nkhanu."

Ndinasiya mankhwala pa sitepe n'kubwerera. Sanandione n'komwe.

Chaka chino kampani ya m'tauni inabwera ndi magalimoto awiri, zipewa zoyera, magolovesi, ndi miphika yowala ngati kalilole. Apongozi anadzuka m'mamawa, n'kupita patebulo la a Unnithan, n'kugula tikiti ndi marupi awoawo. Anavala malaya a maluwa, anabwereka magalasi akuda a Prasannan, n'kukakhala pakabenchi pakati pa mayi wa ku Germany ndi dokotala wa ku Delhi. Zaka makumi atatu akupereka chakudya cha phwando limeneli, kanali koyamba kuchidya atakhala.

Mkulu wa kampani anagwira chipande ndi golovesi, akumwetulira mafoni. Anagwa pa vesi yachinayi. Anachitula, wachiwiri wake n'kuchitola, n'kugwa pa yachisanu ndi chimodzi. Wachitatu anabisa manja kumbuyo n'kunena kuti iye analembedwa ntchito yoyendetsa galimoto. Chipande chinagona pansi pakati pa holo, a magolovesi akuchilambalala ngati chiluma. Opalasa zana ankangobwereza vesi yomweyo, manja akuwomba, a Neelan ali pamwamba pa mawu awo onse, kope lisanafike n'komwe pakati.

A Unnithan anayenda chowerama pakati pa timabenchi mpaka anafika pa apongozi. Ine ndinali pafupi ndi mtsuko wanga, poti chaka chino ndinakana kukhala kuseri.

"Akulu, chonde. Mulungu akudikira."

"Adikire. Iyeyo ndi amene ali ndi nthawi yambiri."

"Tolani chipande, zinazo tikambirana. Malaya muvule ngati mukufuna."

Apongozi anamaliza kaye kutafuna. Ananyambita chala, n'kukonza magalasi pamphuno.

"Mukulankhula ndi ine, abwana? Ine ndine mlendo kuno, ndalipira. Tandiuzani, mabwatowo ayamba nthawi yanji?"